Khonsolo Iyambe ndi Ngalande, Malawansi Adikire

Mvula yoyamba ikangogwa m'mwezi wa Novembala, munthu wotsika minibasi pa Luchenza sasowa womuuza kumene ntchito ya Boma lalikulu ikuthera ndi kumene ntchito ya khonsolo ikuyambira. Msewu waukulu wochokera ku Limbe, wodzera ku Thyolo kupita ku Mulanje ndi kumalire a Muloza, ndi waphula. Koma akangopatuka kulowa m'misewu ya m'makwalala, imene yambiri ndi yadothi, amayamba kukwinya buluku ndi kusankha popondapo. Mayi wosenza dengu la nthochi, mnyamata wa kabaza, mwana wopita kusukulu ndi dalaivala wa ambulansi, onsewa amalipira mtengo wa msewu woipa tsiku ndi tsiku, ngakhale kuti mtengowo sulembedwa m'buku la khonsolo lililonse.

Zimenezi si za Luchenza yekha. Ku Balaka, ku Liwonde, ku Dedza, ku Salima ndi ku Kasungu nkhani yake ndi yomweyo. Choncho funso limene makhansala osankhidwa pa 16 Sepitembala 2025 ayenera kuyankha ndi limodzi: kodi ndalama yoyamba imene khonsolo yatolera ipite kuti? Yankho loona ndi lakuti ipite ku ngalande, ku makalavati ndi ku maenje a mumsewu. Malawansi, maulendo, galimoto za akuluakulu ndi mipando yatsopano ya muofesi zibwere pambuyo, ngati patsala kanthu.

Luchenza ndi tauni imene idakula chifukwa cha mayendedwe. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero kumatchedwa Nsanje, idafika ku Blantyre mu 1908, ndipo siteshoni ya Luchenza idakhala khomo lotulukira tiyi ndi mbewu zina za ku Thyolo ndi ku Mulanje. Masitolo, mosungira katundu ndi nyumba za anthu zidamera mozungulira siteshoniyo. Mu 1997 madzi osefukira adadula njanji pa Chiromo, ndipo njira ya sitima yopita kumunsi kwa Shire idatsekeka kwa zaka zambiri. Anthu a m'mbali mwa njanjiyo adaphunzira ndi misozi kuti njira ikafa, malonda amafa nayo. Tauni imene idaona zimenezi ndi maso ake siyenera kuphunzitsidwanso ubwino wosamala msewu.

Chifukwa choyamba chimene chimaperekedwa anthu akadandaula ndi chakuti misewu ndi ntchito ya Roads Authority. Mawu amenewa ndi oona pang'ono chabe. Malamulo a mu 2006 adakhazikitsa mabungwe awiri: Roads Authority, loyang'anira kumanga ndi kukonza misewu ikuluikulu yolumikiza mizinda ndi maboma, ndi Roads Fund Administration, losunga ndalama zochokera ku msonkho wa pa mafuta a galimoto ndiponso, kuyambira mu 2021 ndi 2022, zochokera ku zipata za Chingeni ndi Kalinyeke. Koma msewu wopita kumsika, kuchigayo, kumanda ndi kusukulu ya pulayimale m'kati mwa tauni uli m'manja mwa khonsolo. Ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu ya mu 1998, pamodzi ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono la chaka chomwecho, zidapatsa makhonsolo udindo wa chitukuko cha m'madera awo ndi mphamvu yotolera misonkho ya malo, ya m'misika ndi ya ziphaso za malonda. Amene adalandira mphamvu yotolera adalandiranso udindo wokonza. Sizingatheke kuti khonsolo ikhale mwini tauni m'mawa potolera tikiti yamsika, madzulo n'kukhala mlendo pamene ngalande yatsekeka.

Kuyambira mu 2005 mpaka mu 2014 dziko lino lidakhala zaka 9 lopanda makhansala osankhidwa. M'zaka zimenezo anthu adali ndi chifukwa chonenera kuti palibe wowayankhulira. Chifukwa chimenecho chidatha. Wodi iliyonse ili ndi khansala wake, ndipo khansalayo amadutsa m'matope omwewo popita ku msonkhano. Ngati abwerako atavomereza bajeti yopanda mzere wokonzera msewu wa m'wodi mwake, mlandu ndi wake.

Chifukwa chachiwiri ndi chakuti ndalama ndi zochepa. Apa chilungamo chiyenera kunenedwa: ndalama ndi zochepadi. Ndondomeko ya mu 1998 idanena kuti Boma lizipereka ku makhonsolo ndalama zosachepera 5 pa 100 iliyonse ya zimene latolera, ndipo makhonsolo akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti zimene amalandira sizifika pamenepo ndiponso zimafika mochedwa. Eni nyumba ndi masitolo ambiri salipira msonkho wa malo pa nthawi yake. Kwacha idagwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya simenti, phula ndi dizilo idakwera. Zonsezi ndi zoona.

Koma umphawi ndiwo umene umafuna nzeru posankha. Banja limene lili ndi thumba limodzi la chimanga siliyamba ndi kugula wailesi denga likudontha. Malipoti a mkulu wolondoloza ndalama za Boma akhala akusonyeza chaka ndi chaka kuti m'makhonsolo ambiri muli ndalama zolipidwa popanda zikalata zoikira umboni, mafuta a galimoto osalongosoka ndi malawansi okayikitsa. Ogwira ntchito m'Boma amadziwa bwino mwambo wa misonkhano yochitikira kutali ndi ofesi, makamaka kunyanja, kumene nkhani yotha kukambidwa m'maola awiri imakokedwa masiku atatu kuti mausiku achuluke. Khonsolo imene yapeza ndalama zotengera anthu kukagona ku hotela kukakambirana za chitukuko siyenera kunena kuti yasowa ndalama zogulira mafosholo, mapiki ndi mawilibala. Kukambirana za chitukuko ndi kwabwino, koma palibe msewu umene udakonzedwapo ndi msonkhano.

Kusakonza msewu si kusunga ndalama. Ndi ngongole imene imakula mobisika. Mu 1988 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idatulutsa lipoti la kuonongeka kwa misewu m'mayiko 85 ongotukuka kumene. Lipotilo lidapeza kuti misewu ya mtengo wa madola pafupifupi 45 biliyoni idaonongeka m'zaka makumi awiri, pamene kuisamala pa nthawi yake kukadadya madola osafika 12 biliyoni. Kunena kwina, kwacha imodzi imene yamanidwa msewu lero idzafuna makwacha atatu kapena anayi mawa. Mkulu wa zachuma wa khonsolo amene adula mzere wa misewu kuti bajeti ioneke yolingana sadapulumutse kalikonse. Wangosamutsira ngongoleyo kwa khansala wa mtsogolo, kwa mwini minibasi amene azigula masipuling'i mwezi ndi mwezi, ndi kwa wokwera amene aziwonjezeredwa mtengo wa ulendo.

Chifukwa chachitatu ndi chokoma kwambiri m'makutu: anthu adekhe, phula likubwera. Lonjezo limeneli lapha misewu yambiri kuposa mvula. Dziko lino lili ndi misewu ya Boma ya makilomita oposa 15,000, ndipo yaphula ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Aliyense wodziwa kuwerengera aona kuti misewu yambiri ya m'makwalala idzakhala yadothi kapena yamiyala kwa zaka zambiri zikubwerazi. Kusiya msewu wadothi kuti ukumbike podikira phula n'chimodzimodzi kuleka kulima podikira thirakitala. Ndiponso phula lothiridwa popanda ngalande silikhalitsa. Limaoneka bwino pa tsiku lodula riboni, koma mvula ikagwa kawiri katatu limayamba kusweka m'mbali. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chimakopa atsogoleri ena ku ntchito zatsopano n'chodziwika. Nyumba yatsopano imakhala ndi mwala wolembedwa dzina la amene adaitsegula. Ngalande yofukulidwa bwino ilibe mwala, ilibe gule, ilibe wojambula zithunzi. Ubwino wake umaoneka pamene palibe chachitika: nyumba sizidalowe madzi, kalavati sidakokoloke, ambulansi idafika. Mtsogoleri wokhwima ndi amene amakhutira ndi ntchito yotere.

Chifukwa chachinayi ndi chakuti mvula ya masiku ano njoopsa, ndipo palibe ngalande imene ingalimbane nayo. N'zoona kuti chigawo cha kumwera chaona zoopsa: madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022, ndi wa Freddy mu Malichi 2023, amene adapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 ndi kugumula misewu ndi milatho ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu, ku Thyolo ndi ku Blantyre. Palibe amene angadzudzule khonsolo chifukwa cha phiri logumuka. Koma namondwe sabwera sabata iliyonse. Chimene chimadya misewu ya m'tauni ndi mvula wamba ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, imene imapeza ngalande zodzaza mchenga, mapepala apulasitiki ndi zinyalala za kumsika, n'kusandutsa msewu kukhala mtsinje. Ndipo ngati mvula yayamba kuopsa, ndiye kuti ngalande ziyenera kukula ndi kufukulidwa kawirikawiri. Walira mvula walira matope. Dera la Thyolo ndi Mulanje limadya tiyi, nthochi ndi zinanazi chifukwa cha mvula yambiri, choncho liyenera kukhala patsogolo pa onse podziwa kuyendetsa madzi.

Ntchito imene ikufunikayo si yachinsinsi, ndipo kapitawo aliyense wakale wa zamisewu akhoza kuifotokoza. Mdani wamkulu wa msewu ndi madzi. Msewu wabwino wadothi umakhala ndi msana pakati, wotsetsereka pang'ono mbali zonse ziwiri, kuti madzi asaime pamwamba. M'mbali mumakhala ngalande zowalandira, ndipo pakapita kamtunda pamakhala ngalande zopatutsa, zotaya madziwo kutali asanachuluke mphamvu. Pamene madzi ayenera kuwoloka msewu pamaikidwa kalavati, ndipo kukamwa kwake kumayenera kukhala koyera. Pamalo otsetsereka, timipanda ta miyala m'ngalande timachepetsa liwiro la madzi kuti asakumbe chigwembe. Msana ukaphwa, matayala amakumba tinjira tiwiri, madzi amatsata tinjirato, ndipo pakutha pa dzinja limodzi msewu umakhala utatha.

Pa msewu waphula, mng'alu ndiwo chiyambi cha dzenje. Madzi amalowa pamng'alupo, amafewetsa dothi la pansi, ndipo galimoto ikadutsa phula limatitimira n'kusweka. Dzenje lokonzedwa bwino limadulidwa m'mbali mowongoka, limasesedwa, limathiridwa zoyenera ndi kutsenderezedwa mwamphamvu. Kuthira dothi lofiira m'dzenje la phula, monga amachitira ena akamva kuti kukubwera mlendo wolemekezeka, ndi kunyenga maso kwa sabata imodzi. Palinso nkhani ya katundu wolemera. Kuyesa kumene kudachitika ku Illinois m'dziko la America pakati pa 1958 ndi 1960 kudasonyeza kuti kulemera kwa pa ekiselo imodzi kukawirikiza kawiri, kuonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Lole imodzi yodzaza mchenga kapena njerwa mopyola muyeso imaononga kamsewu ka m'makwalala kuposa njinga ndi galimoto zazing'ono zonse za tsikulo. Khonsolo ili ndi mphamvu yopanga malamulo ake a m'tauni, ndipo ikhoza kulamula njira zimene malole oterowo ayenera kudzera.

Zambiri mwa ntchitozi sizifuna makina a mtengo wapatali. Zimafuna anthu, makasu, mafosholo ndi woyang'anira wokhulupirika. Njira yopatsa munthu mmodzi chigawo chake cha msewu, kilomita imodzi kapena iwiri, kuti azilambula udzu, kufukula ngalande ndi kukwirira timaenje n'kumalipidwa pamwezi, idayesedwa m'mayiko angapo a mu Africa ndipo idathandiza. Kuno kwathu ntchito zolipidwa za MASAF, zimene zidayamba m'zaka za m'ma 1990, zidasonyeza kuti anthu a m'midzi ndi m'matauni amatha kukonza misewu ndi manja awo. Ndalama yolipira munthu wotere sipita kunja kukagula sipeyala. Imathera pamsika womwewo umene idachokera.

Pano pafunika chenjezo. Achikulire amakumbukira Sabata ya Achinyamata ya m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene ana a sukulu ndi anthu a m'midzi ankalambula misewu ndi kumanga timilatho. Mtima wodzithandiza ndi chuma cha mtundu, ndipo mutu umodzi susenza denga. Koma dera la Thyolo ndi Mulanje ndi limene lidalawa kuwawa kwa thangata m'minda ya atsamunda, ndipo anthu ake amasiyanitsa bwino ntchito yodzipereka ndi ntchito yokakamizidwa. Khonsolo isatolere msonkho ndi dzanja lamanja, lamanzere n'kumauza okhometsedwawo kuti akonze okha msewu mwaulere. Anthu adzatuluka ndi makasu awo mokondwa akaona kuti khonsolo yabweretsa simenti, mapaipi a kalavati ndi mmisiri. Udindo wa nzika uliponso: wotaya zinyalala m'ngalande, womanga khonde la sitolo pamwamba pa njira ya madzi ndi wokumba mchenga m'mbali mwa msewu ndi adani a chitukuko, ndipo alangidwe mosayang'ana nkhope kapena khadi la chipani.

Nthawi nayo ili kumbali ya khonsolo yofuna kugwira ntchito. Kuyambira mu 2022 chaka cha ndalama za Boma chimayamba pa 1 Epulo, pamene mvula ikutha. Mwezi wa Epulo ndi woyendera misewu yonse, wodi ndi wodi, ndi kulemba pamene pakumbika, pamene kalavati yasweka ndi pamene madzi adaima. Kukonza msana wa msewu kumayenda bwino dothi likadali ndi chinyezi, lisanaume gwaa. Miyezi ya chilimwe ndi yomanga makalavati ndi kuthira miyala. Okutobala asanathe ngalande zonse zikhale zitafukulidwa. Nkhanga zidapangana kusanapse. Khonsolo imene iyamba kufunafuna kontirakitala mu Januwale, madzi ali m'mawondo, yalephera kale, ndipo idzalipira mtengo wa changu pa ntchito yosalimba.

Kuti zimenezi zisathere pakamwa, pali zinthu zinayi zimene khonsolo ya tauni iliyonse ingachite popanda kupempha chilolezo ku Lilongwe. Choyamba, ipatule gawo lodziwika la ndalama zimene imatolera yokha, ilike pa mzere wa misewu ndi ngalande, ndipo ilamule kuti gawolo lisabwerekedwe kukalipira malawansi. Chachiwiri, misonkhano ya khonsolo ndi ya makomiti ake ichitikire m'tauni momwemo, m'chipinda cha khonsolo kapena m'holo ya sukulu. Chachitatu, pa bolodi la kumsika ndi la kuofesi pamatidwe chikalata miyezi itatu iliyonse, chosonyeza m'Chichewa ndalama zimene zalowa, zimene zatuluka, msewu umene wakonzedwa, amene waukonza ndi mtengo wake. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a Boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho bajeti ya khonsolo si chinsinsi cha munthu. Chachinayi, kontirakitala asalandire malipiro omaliza komiti ya chitukuko ya m'wodi isanayendere ntchitoyo ndi kuivomereza.

Kuchita zimenezi kudzathandizanso kutolera. Mayi wogulitsa tomato amalipira tikiti tsiku lililonse asanagulitse ngakhale mulu umodzi. Mwini sitolo amazengereza kulipira msonkho wa malo chifukwa saona kumene umapita. Onsewa akaona ngalande ya kutsogolo kwawo itamangidwa ndi dzina la msewu wawo litalembedwa pa bolodi, mkangano wa msonkho udzachepa. Palibe wokhometsa msonkho wamphamvu kuposa msewu wokonzedwa.

Atsogoleri a chipani m'nthambi ndi m'madera ali ndi gawo lalikulu pa nkhaniyi. Ena amaganiza kuti kukhulupirika ndi kubisa zolakwa za khansala wawo ndi kutseka pakamwa anthu odandaula. Kumeneko ndi kukumbira chipani dzenje. Wovota sawerenga zikalata za malonjezo pa tsiku la chisankho. Amakumbukira usiku umene adanyamula mkazi wake wodwala pa machira chifukwa galimoto idakana kulowa m'makwalala. Wapampando wa nthambi amene akonda chipani chake akhale woyamba kugogoda pa khomo la khansala, atanyamula mndandanda wa makalavati osweka, ndipo abwerenso mwezi wotsatira kudzafunsa pamene ntchito yafika.

Ogwira ntchito m'Boma nawonso akumbukire kuti mpando umene akhalapo ndi wa anthu. Injiniya amene asayina kuti ntchito yatha pamene sadapite kukaiona, kalaliki amene alemba mafuta a giredala imene sidachoke pamalo, ndi wa zachuma amene asuntha ndalama ya msewu kuti ulendo wa bwana utheke, onsewa akuba kwa osauka, ngakhale m'thumba mwawo musalowe tambala. Koma alipo ambiri okhulupirika, amene amagwira ntchito ndi zipangizo zochepa ndi malipiro ochedwa. Amenewa ayenera kutetezedwa akakana kusayina chinyengo, ndi kuyamikidwa poyera.

Mvula idzagwanso mu Novembala monga mwa nthawi zonse, ndipo siidzafunsa kuti bajeti idavomerezedwa liti kapena kuti ndani adali wapampando. Idzangoyang'ana ngati njira yake ili yotsegula. Ikapeza ngalande, idzapita kumtsinje mwamtendere. Ikapanda kuipeza, idzadzikumbira yake pakati pa msewu, ndipo anthu a pa Luchenza ndi a m'matauni ena onse adzadziwa amene adagona pa ntchito m'chilimwe.